Galimoto ikamalira madzi: ena ndi a mvula chabe, ena amapha injini

Mvula ikangoyamba kuno ku mapiri a Angónia ndi Tsangano, amakaniko amayamba kulandira dandaulo limodzimodzi lakuti galimoto ikulira madzi. Dalaivala akaponda buleki amamva khavu khavu. Akakhota pakona amamvanso khavu khavu, ngati wina waiwala chigubu chosadzaza pansi pa mpando. Akaima n'kusuzumira paliponse sapeza kanthu. Pansi pa galimoto pali pouma, ndipo injini ikulira bwinobwino.

Phokoso limeneli lili ndi zifukwa zingapo. Zambiri mwa izo ndi zazing'ono, zoti ngakhale mwana wa sukulu angathe kukonza ndi kawaya. Koma pali chimodzi chimene chimapha injini, ndipo mwini galimoto amene satha kusiyanitsa amadzalira ndi thumba lake.

Madalaivala awiri

Zinachitikira madalaivala awiri a mapikapu amene amanyamula mbatatesi ndi anthu kuchokera cha ku Domwe kupita ku Tete. Onse awiri anamva madzi m'magalimoto awo m'dzinja limodzi.

Woyamba, phokoso linkachokera cha kumbali, kumbuyo kwa mpando wake. Galimotoyo anali atangoigula kumene, tsono anthu okwera anayamba kunong'onezana kuti yalodzedwa, poti pamudzi ansanje sasowa. Bamboyo anasowa tulo masiku angapo, ndipo anatsala pang'ono kugulitsa mbuzi kuti apite kwa sing'anga. Mwayi wake, mnyamata wina wophunzira umakaniko ku Ulongwe anatsegula chitseko cha kumbuyo n'kuchigwedeza. Madzi analira momwemo. Mnyamatayo anagwada, natenga kawaya n'kutokosa pansi pa chitsekocho, ndipo madzi a matope okwana malita angapo anakhuthukira pansi. Ufiti wonse unathera pompo, mbuzi n'kupulumuka.

Wachiwiri, phokoso lake linali lina. Linkamveka kuseri kwa dashibodi, bwibwibwi ngati madzi otuluka m'botolo, makamaka m'mawa akangoliza injini. Atamva nkhani ya mnzake uja anaseka, naganiza kuti zakenso ndi zomwezo. M'mawa uliwonse ankangothira botolo limodzi la madzi mu radiyeta n'kunyamuka, osadzifunsa kumene madzi a dzulo apita. Tsiku lina pochokera ku Tete atasenza feteleza ndi simenti, atadutsa pa Mussacama n'kuyamba kukwera zitunda, muvi wosonyeza kutentha unafika pofiira. Iye anati alimbikire afike pamwamba. Sanafikepo. Nthunzi inabuka, injini inazima, ndipo amakaniko atamasula anapeza gasiketi itapsa, mutu wa injini utapindika. Galimoto inakhala pamiyala mpaka mvula inatha, ndipo ndalama zimene zikanagula feteleza wa munda wake zinathera kugaraja.

Kumvetsera kaye

Amakaniko odziwa ntchito sathamangira sipanala. Amayamba afunsa zinthu zitatu: phokoso likuchokera kuti, limamveka nthawi yanji, ndipo linayamba liti.

Madzi amene amalira galimoto ikamaima, ikamanyamuka kapena ikamakhota, ndi madzi amene aunjikana penapake ndipo akukankhidwa uku ndi uku. Kawirikawiri amenewa ndi a mvula, ndipo amayamba pambuyo pa chimvula, potsuka galimoto kapena powoloka mtsinje. Koma madzi amene amalira galimoto ili chiimire, pongoliza injini kapena poponda mafuta, amenewo ndi oyenda m'mapaipi a injini, ndipo ndi amene ayenera kuopedwa.

Njira yosavuta ndi iyi: injini izimitsidwe, wailesi itsekedwe, munthu mmodzi akhale mkati, anzake awiri agwedeze galimoto. Wa mkatiyo amamva bwino ngati madzi ali kutsogolo, kumbali kapena kumbuyo. Asanapite patali ayang'anenso pansi pa mipando, chifukwa nthawi zina ndi chigubu chenicheni chimene cobrador anachiiwala.

Zitseko ndi m'munsi mwake

Anthu ambiri sadziwa kuti mvula imalowa m'chitseko cha galimoto iliyonse, ngakhale yatsopano. Madzi amatsetsereka pagalasi, n'kudutsa pa malabala a m'mphepete mwake, n'kugwera mkati mwa chitseko. Opanga magalimoto amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake anaboola timabowo tiwiri kapena titatu pansi penipeni pa chitseko chilichonse kuti madziwo azitulukira.

Vuto la kuno ndi fumbi. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala galimoto imayenda m'misewu ya dothi, fumbi n'kumaunjikana mkati mwa chitseko. Mvula yoyamba ikabwera, fumbi lija limasanduka thope n'kumata timabowo tija. Madzi amasowa kotulukira, chitseko n'kusanduka mtsuko.

Kudziwa kwake n'kosavuta. Chitseko chikatsegulidwa n'kugwedezedwa, madzi amalira mkati, ndipo nthawi zina chimamveka cholemera. Kukonza kwake ndi kutokosa timabowoto ndi kawaya kofewa kapena kamtengo, mosamala kuti penti asakandike, chifukwa pamene penti wachoka ndi pamene dzimbiri limayambira. Madziwa akasiyidwa amadya chitseko kuchokera mkati. Mwini wake amadzangoona penti akutupa m'munsi, ndipo pamenepo chitsulo chimakhala chatha kale. Amawononganso chokwezera galasi, sipika ndi mawaya a magetsi.

Chitsulo chachitali chimene munthu amadumpha polowa m'galimoto nachonso mkati mwake ndi mphako, ndipo chili ndi timabowo take kunsi. Galimoto imene imawoloka mitsinje kapena kuyenda m'matope imasunga madzi m'menemo. Phokoso lake limayenda kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo poponda buleki.

Pansi pa galasi la kutsogolo

Pamene pamakhala mawaipa pali ngalande yolandira madzi onse otsika pagalasi la kutsogolo. Ngalandeyi imataya madzi kumbali zonse ziwiri, kuseri kwa matayala a kutsogolo. Galimoto imene imagona pansi pa mtengo wa mango kapena wa bulugamu imadzaza masamba m'ngalandemo. Masambawo akawola amatseka njira, madzi n'kukwera mpaka kulowa pa bowo limene mpweya umalowera m'galimoto. Mwini wake amapeza kapeti itanyowa ndi fungo la nkhungu, magalasi akuchita nthunzi m'mawa. M'magalimoto ena, batire kapena kabokosi ka kompyuta ya injini kamakhala pafupi ndi ngalande yomweyi, ndipo madzi akafika pamenepo galimoto imakana kulira.

Mankhwala ake ndi kutsegula boneti, kuchotsa masamba ndi manja, kenaka kuthira ndowa ya madzi pagalasi. Ngati njira zili bwino, madziwo amatuluka msanga kuseri kwa matayala onse awiri. Magalimoto amene ali ndi galasi lotsegula padenga nawonso ali ndi timapaipi totsitsa madzi m'makona a dengalo, ndipo timatsekeka chimodzimodzi.

Madzi a eyakoni

Magalimoto ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan amabwera ndi eyakoni, makina oziziritsa mpweya mkati. Munthu wotsikira ku Tete mu Okutobala kapena Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, amadziwa ubwino wake. Makinawa akamagwira ntchito amatulutsa madzi, monga mmene botolo lozizira limachitira thukuta. Madziwo amagwera m'kabokosi kuseri kwa dashibodi n'kutsika pansi kudzera m'kapaipi. N'chifukwa chake galimoto yoyatsa eyakoni ikaima imasiya kadambo kakang'ono pansi, ndipo zimenezo si vuto.

Vuto limabwera kapaipiko kakatsekeka ndi thope, kapena mavu akamangamo chisa. Madzi amadzaza m'kabokosi muja n'kumalira pokhota, kenaka amadonthera pamapazi a wokhala kutsogolo kumanzere, poti magalimoto ambiri kuno chiwongolero chili kumanja. Madzi a eyakoni ndi oyera, ozizira, opanda fungo ndipo saterera m'manja. Kapaipi kaja kakapezeka kunsi kwa galimoto n'kutokosedwa pang'onopang'ono, madzi amakhuthuka onse. Waya asalowetsedwe mozama, kuopa kuboola makina a mkati.

Kumbuyo kwa galimoto

Phokoso likamachokera kumbuyo, poyamba kuyang'ana ndi m'buti, pansi pa tayala la sipeya. Pamenepo pali dzenje, ndipo labala wa chitseko cha buti kapena wa nyali za kumbuyo akatha, mvula imalowa n'kudzaza dzenjelo. Jeke ndi masipanala zimachita dzimbiri mwini wake osadziwa, n'kudzazindikira tsiku limene tayala laphulika pakati pa thengo. Pansi pa dzenjelo pamakhala kachitsekero ka labala. Kakazulidwa madzi amatuluka, koma polowera pakepo payenera kupezeka ndi kumatidwa.

Mafuta a m'thanki nawonso amalira, makamaka thanki ikakhala pakati ndi pakati, galimoto ikaima mwadzidzidzi. Limeneli si vuto ayi. Limakhala vuto pokhapokha ngati pakumveka fungo la petulo kapena dizilo, kapena pansi pa thanki pakuoneka ponyowa.

Phokoso loopsa

Tsopano nali limene linagwetsa dalaivala wachiwiri uja. Injini ikamalira imatentha kwambiri, ndipo chimene chimaiziziritsa ndi madzi ozungulira mkati mwake. Pampu imakankha madziwo kuchokera mu injini kupita ku radiyeta, imene m'masitolo a zipangizo ku Tete amati radiador, kumene mphepo imawaziziritsa n'kubwereranso. Ena mwa madzi omwewo amadutsa m'karadiyeta kakang'ono kamene kali kuseri kwa dashibodi. Kameneka ndi ka hita, imene imafunditsa anthu m'mawa wa Juni ndi Julaye.

Njira yonseyi iyenera kukhala yodzaza ndi madzi okhaokha. Madzi akachepa, malo awo amalowa mpweya, ndipo mpweya umathamangira pamalo okwera monga m'karadiyeta ka hita kaja. Pampu ikayamba kukankha, madzi ndi mpweya zimalimbana m'timapaipi, ndipo dalaivala amamva bwibwibwi pafupi ndi mawondo ake. Phokosolo ndi uthenga wakuti madzi a injini akuchepa, ndipo madzi a injini sachepa okha. Penapake akutayika.

Potayikira pake pamakhala pa paipi yong'aluka, pa kalampu yomasuka, pa radiyeta yoboka ndi mwala kapena dzimbiri, pa pampu ya madzi imene yayamba kudontha, kapena pa chitsekero cha radiyeta chimene labala wake watha. Kudontha kwina sikuoneka pansi chifukwa madzi amagwera pa injini yotentha n'kuuma, koma amasiya chipsera choyera kapena chamtundu. Karadiyeta ka hita kakaboka, kapeti ya kutsogolo imanyowa ndi madzi oterera, mkati mumamveka fungo lotsekemera, ndipo galasi limachita nkhungu ya mafutamafuta.

Choipa kuposa zonse ndi gasiketi ya mutu wa injini, imene pa Chipwitikizi amati junta da cabeça. Ikapsa, utsi wa mu injini umalowa m'madzi, madzi n'kumalowa mu injini. Zizindikiro zake zilipo zinayi. Choyamba, utsi woyera wochuluka ku ekizozi umene suleka ngakhale injini yatentha. Kautsi koyera ka m'mawa wozizira kamene kamatha pakapita mphindi zochepa si kameneko. Chachiwiri, oilo wosanduka ngati tiyi wamkaka pa kachitsulo koyezera kapena kunsi kwa chitsekero cha oilo. Chachitatu, thovu losalekeza mu radiyeta pamene injini yozizira yalizidwa chitsekero chili chotsegula. Chachinayi, paipi yaikulu ya pamwamba kuuma gwa ngati mwala injini itangolira kumene. Chizindikiro chinanso cha madzi ochepa ndi hita yotulutsa mphepo yozizira pamene muvi wa kutentha uli pamwamba.

Galimoto yoonetsa zizindikiro zimenezi isasenzenso katundu. Ipite kwa makaniko. Gasiketi yokha ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi mutu wa injini, ndipo madzi akatayika saoleka.

Chifukwa chake kumapiri kuno

Ku Beira, m'mphepete mwa nyanja ya mchere, madzi amawira pa madigiri 100. Koma munthu akamakwera mapiri madzi amawira msanga. Ku Ulongwe, kumene kuli pamwamba mamita oposa 1,200, madzi a mumphika amawira pa madigiri pafupifupi 96. Injini yabwinobwino imagwira ntchito madzi ake ali pakati pa madigiri 80 ndi 95. Ndiye kuti mpata wake ndi wochepa kwambiri.

Chimene chimapulumutsa injini ndi chitsekero cha radiyeta. Chili ndi sipuling'i imene imapanikiza madzi kuti asawire mpaka atafika madigiri pafupifupi 120. Pamwamba pake pamalembedwa nambala monga 0.9 kapena 1.1, ndipo pogula china nambalayo iyenera kufanana ndi ya chakale. Chitsekero chakutha, kapena chomangidwa ndi pulasitiki ndi nsanza monga amachitira ena, chimalola madzi kuwira pa chitunda choyamba. Ulendo wochokera ku Tete kubwera ku Ulongwe ndi wa makilomita oposa 200, ndipo mbali yaikulu ndi yokwera, galimoto itasenza. Injini ya madzi ochepa siingapirire ulendo wotere.

Madzi othira mu radiyeta nawonso ali ndi nkhani. A mumtsinje ali ndi thope, a pa mjigo ena ali ndi mchere umene umamata m'timapaipi monga mmene umachitira m'ketulo. Oyenera ndi madzi amtundu a m'botolo amene amakaniko amati kulanti, obiriwira kapena ofiira, chifukwa amateteza dzimbiri ndiponso amachedwa kuwira. Zikavuta panjira, madzi a mvula osefa bwino amaposa a mumtsinje. Koma kulanti ndi poizoni, ndipo amatsekemera. Asasiyidwe m'botolo la zakumwa pamene ana angafike, ndipo wotayika pansi akwiriridwe ndi dothi kuti agalu, mbuzi ndi nkhuku zisamwe.

Ena radiyeta ikaboka amathiramo dzira kapena tsabola wopera kuti bowo litsekeke. Zimenezi zikhoza kufikitsa munthu kunyumba, koma zimatsekanso timapaipi tabwino. Enanso amachotsa kachitseko kotchedwa termostato poganiza kuti injini izizizira. Kuchotsa kameneka sikutseka podontha, ndipo kuzizira kwa kuno injini yopanda termostato imachedwa kutentha, n'kumadya mafuta ambiri.

Chitsekero chotentha

Muvi ukafika pofiira, dalaivala ayenera kuima pomwepo n'kuzimitsa injini. Asatsegule chitsekero cha radiyeta. Madzi a mkatimo ndi otentha kuposa a mumphika wobwata, ndipo chitsekero chikangomasuka amatumphuka ndi mphamvu kumaso ndi m'manja. M'maminibasi ambiri akale a Toyota Hiace, amene amayenda ngati chapa, injini ndi chitsekerocho zili pansi pa mipando ya kutsogolo, mkati momwe muli anthu. Wotsegula pamenepo injini ili yotentha akhoza kuwotcha mayi ndi mwana amene akhala kumbuyo kwake. Anthu onse ayambe atsika, ndipo padutse mphindi zosachepera 30. Paipi ya pamwamba ikazizira moti n'kugwirika ndi dzanja, chitsekero chitsegulidwe pang'onopang'ono ndi nsanza yokhuthala. Madzi ozizira asathiridwe mu injini yotentha, chifukwa chitsulo chikhoza kung'aluka.

Wina akapsa, pabalapo pathiridwe madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, kenaka apite kuchipatala. Dzira, mafuta ophikira ndi mankhwala otsukira mano zisapakidwepo.

Kuchotsa mpweya

Podontha pakapezeka n'kukonzedwa, mpweya uja uyenera kutulutsidwa, apo ayi phokoso silitha. M'magalimoto ambiri akale amachita motere. Galimoto imaimikidwa mphuno itayang'ana kumtunda, injini ili yozizira. Chitsekero chimatsegulidwa, madzi n'kuthiridwa mpaka pakhosi pa radiyeta. Hita imaikidwa pa kutentha kwambiri, injini n'kulizidwa. Pakapita kanthawi paipi ya pamwamba imayamba kutentha, thovu limatuluka, madzi n'kutsika. Amawonjezeranso ena mpaka thovu litaleka ndipo hita ikutulutsa mphepo yotentha. Kenaka amatseka, n'kudzaza kabotolo ka pulasitiki ka pambali mpaka pakati pa mizere yake iwiri. Mawa lake m'mawa, injini isanalire, amayang'ananso. Madzi akapezeka atatsikanso tsiku ndi tsiku, ndiye kuti podontha pakadalipo. Magalimoto ena atsopano ali ndi njira yawoyawo yochotsera mpweya, ndipo amenewo ndi ofunika makaniko.

Pambuyo powoloka mtsinje

Anthu a m'chigawo chino sanaiwale Januwale wa 2022, pamene namondwe Ana anagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize. M'midzi yambiri milatho kulibe n'komwe, ndipo madalaivala amawoloka pamadzi. Madzi othamanga akuya masentimita 30 okha amatha kuyandamitsa galimoto yaing'ono, ndipo a masentimita 60 amakokolola ngakhale pikapu. Galimoto ikazima pakati pa madzi isalizidwenso, chifukwa ngati madzi alowa mu injini, kuliza kumapinda zitsulo za mkati. Ikokedwe, ndipo makaniko ayambe waona sefa ya mpweya ndi oilo. Imene yawoloka bwino, mwini wake atokose timabowo ta m'zitseko ndi ta m'munsi, atukule makapeti kuti aume, ndipo ngati madzi anafika pakati pa matayala, oilo wa m'giyabokosi ndi wa difu aonedwe ngati sanasanduke woyera.

Dalaivala wachiwiri uja anabwereranso pamsewu. Masiku ano sanyamuka asanatsegule boneti m'mawa n'kuyang'ana mzere wa madzi m'kabotolo kaja, ntchito imene siitenga ndi mphindi ziwiri zomwe. Mnzake wa mbuzi uja amasunga kawaya m'bokosi la pa dashibodi, ndipo mitambo ya Novembala ikayamba kuda, amagwada pa chitseko chilichonse mvula yoyamba isanagwe.